Bondo Lakumanzere

Mumsewu mwathu anthu samvera zanyengo pa wailesi. Amafunsa ine, kapena ndinene kuti amafunsa bondo langa. Ndinagwa panjinga ndili mnyamata, ndikuonetsera atsikana kuti ndimatha kupalasa osagwira handulo. Atsikanawo anaseka mpaka kugwira m'mimba, kupatula mmodzi amene anabwera kudzandidzutsa, ndipo ameneyo ndinamukwatira. Kuyambira tsiku limenelo, mvula ikamayandikira bondolo limawawa ngati munthu akulikhoma msomali mosafulumira. N'chifukwa chake amanditchula Abondo. Dzina limene anandipatsa mayi anga linatsala pachiphaso.

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde pa sitolo ya zitsulo. Mbali ina kuli Atelala ndi makina awo okhosomola, mbali inayi kuli mpopi umene unasiya kutulutsa madzi ine ndisanamere imvi. Aliyense wodutsa amaima.

"Mwadzuka bwanji Abondo? Likuti bwanji lero?"

"Lili phee."

"Ndiye ndichape mabulangete?"

"Chapani mayi, ndi makatani omwe."

Wina akupita kukatenga mankhwala kuchipatala, wina kukaperekeza mlendo kudepoti, wina sakudziwa kumene akupita koma wavala jekete. Onse amafuna kudziwa ngati anyamule ambulera. Nkhani zake n'zomwezo chaka ndi chaka: kwatentha, kwazizira, fumbi lanyanya, mvula ya chaka chino njachilendo. Mvula iliyonse imene ndaiona pamoyo wanga inali yachilendo. Ndimayankha msomali uli pakamwa, maso ali pachidendene cha nsapato ya munthu wina, ndipo pofika madzulo pakamwa pamakhala patatopa kuposa msana.

Mayi a kunyumba amakolopa m'maofesi kutauni. Amakwera masitepe a nyumba yosanja kanayi ndowa ili m'manja, ndipo amapuma Loweruka limodzi pamwezi. Ana athu awiri anakula n'kuchoka. Tsiku limene womaliza ananyamula chikwama chake, zaka zinayi zapitazo, m'nyumba munangoti zii, ndipo ine pofuna kuti mayiwo asalire ndinalankhula mopusa. Ndinati, "Tsopano tatsala awiri. Ndidzakutengani tikaone ndege zikutera."

Ine mawuwo ndinawaiwala ndisanameze malovu. Iwo anawasunga ngati kalata ya ukwati.

Sikuti ankafuna kukwera ndege ayi. Mnzawo wakuntchito anawauza kuti kubwalo la ndege kuli mabenchi kuseri kwa mpanda wa waya, kumene anthu amakhala n'kumaonerera, akumwa zoziziritsa kukhosi. Basi. Ankati, "Ndikufuna tsiku limodzi ndivale bwino, ndipite kumalo kumene kulibe wodwala, kulibe womwalira, kulibe chokagula."

Koma Loweruka lawo lopuma limagwa tsiku lomwe inenso thupi limakhala litakana. Masiku asanu ndakhala ndikuweramira mapazi a anthu. Ndimafuna bedi, wailesi ndi mpira. Ndiye ndinapeza nzeru. Akangoyamba kusita diresi lawo la buluu, ine ndinkadziponya pampando, n'kusisita bondo, n'kuusa moyo.

"Aaa. Layamba."

"Layambanso?"

"Ikubwera yamphamvu. Tisakanyowe pachabe, mwezi wamawa ulipo."

Ankazimitsa simbi, diresi n'kubwerera pa hang'ala. Tsiku lina ndinachita zimenezi pakati pa chilimwe, udzu utauma gwa, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwezi uno mvula, bambo a ana?"

"Bondo silidziwa kalendala."

Vuto n'lakuti makoma a nyumba zathu ndi opyapyala. Ndikangobuula, mayi aneba ankathamanga kukaanula zovala. Mvula ikapanda kubwera, Lolemba ndinkawauza kuti yadutsa m'mbali, yakagwa kwa anzathu kuseri kwa phiri. Palibe amene anapitako kukaona.

Lachinayi lapitalo ndinafika kunyumba n'kupeza sutikesi yathu yatsika pamwamba pa kabati ya zovala. Inali pakati pa chipinda, yopukutidwa bwinobwino, kukamwa yasa. M'katimo munali kale nsapato zimene ndinawasokera ndekha, ndi juzi yawo ya m'nyengo yozizira. Juziyo ndi imene inandiopsa. Munthu wopita kwa sabata imodzi satenga juzi mwezi uno.

"Kodi kwagwanji?"

"Palibe. Mng'ono wanga akuti ndipite ndizikamuthandiza kulera mapasa aja. Chipinda chilipo. Kuntchito ndanena kale kuti mwina Lolemba sandiona."

"Mpaka liti?"

"Sananene. Inenso sindinafunse."

Ankalankhula akusenda anyezi womaliza, osakweza mawu. Zaka makumi atatu ndi ziwiri tili limodzi, ndimadziwa kuti akamakalipa ndiye kuti zinthu zili bwino. Zoopsa amazinena ngati akupempha mchere.

"Loweruka lino ndikupuma," anatero. "Tikakaona ndege, sutikesi ibwerera pamwamba. Bondo likalankhulanso, basi yanga ndi ya Lamulungu m'mawa. Mudzatsale nalo, lizikuphikirani."

Ndinaseka, chifukwa kuseka ndiyo ntchito yanga yachiwiri. Iwo sanaseke.

Lachisanu ndinawauza Atelala nkhaniyi, ndikuyesa kuti andimvera chisoni. Anangoluma ulusi n'kunena kuti, "Pitani nawoni, ndege siziluma. Wanga anachoka chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyo, ndipo onani kolala ya malaya angawa." Ndinaiyang'ana kolalayo. Ndinalonjeza mumtima kuti mawa, zivute zitani, ndipita.

Loweruka m'mawa chimene chinandidzutsa si wotchi. Unali msomali uja, weniweni, wautali, ukulowa pang'onopang'ono mpaka m'fupa. Ndinasuzumira pawindo. Kumwamba kunali mbee, popanda ngakhale kamtambo kopukutira mphuno. Koma ine ndi bondoli tinadziwana kalekale. Imeneyi sinali yowaza. Inali mvula yogwetsa mipanda, ndipo ndinadziwa kuti ifika dzuwa likangopendeka.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, mutu uli m'manja. Zaka zinayi ndakhala ndikunama, lero ndili ndi zoona koma wozimva palibe.

Diresi la buluu linali kale patebulo, simbi ikuyenda. Sutikesi inali pompo, ikundiyang'ana.

"Likuti bwanji lero?" anafunsa osatembenuka.

"Ndani?"

"Mnzanuyo."

"Lagona tulo. Lili ngati la mwana wasukulu."

"Chabwino. Valani malaya oyera aja."

Ndinavala nsapato nditaluma mlomo. Kuchoka pakhomo kukafika pokwerera minibasi ndi pafupi, koma mumsewu mwathu mulibe ulendo waufupi. Mayi aneba anatulukira ndi beseni.

"Eee, koma mwatchena! Ulendo wakuti? Kwagwa zotani?"

"Kokayenda chabe," anatero mayi a kunyumba. Mawuwo anamveka achilendo m'kamwa mwawo.

"Kokayenda! Anthu muli ndi moyo inu. Nanga Abondo, ndiyanike matilesi? Mdzukulu wachitapo zake."

"Yanikani," ndinatero, ndikuyang'ana kumbali.

Mayi a kunyumba anati aiwala mpango, nabwerera limodzi ndi anebawo, akunong'onezana. Ine ndinapezerapo mpata wotsamira mtengo wa magetsi.

Pakona tinapeza Apenti ali pamakwerero. Anawapatsa ntchito yopaka khoma lonse la sitolo yatsopano ya mafoni, lachikasu ndi zilembo zofiira, ndipo anali atadikira tsiku louma sabata yathunthu.

"Abondo! Mwafika bwino. Ndipake komaliza lero?"

Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana diresi la buluu. Apenti ndi munthu wabwino, timamwa tiyi limodzi.

"Pakani achimwene. Dzuwa limeneli ndi la mpaka mawa."

"Mwamva inu?" Apenti anafuulira Atelala, amene ankavundukula makina tsidya la msewu. "A pa wailesi akuti mvula. Amangolota anthu amene aja."

Mu minibasi anatipanikiza anayi pampando wa atatu, bondo langa litagunda chitsulo cha mpando wakutsogolo. Bampu iliyonse ndinkaona nyenyezi masana. Bambo wina wonyamula batire la galimoto pamiyendo anayambitsa yoti kutentha kwa chaka chino sanakuonepo. Mayi wina anati n'chifukwa anthu atha mitengo, kondakitala anati ndi mafoni. Likanakhala tsiku lina ndikanaponyapo yanga mpaka dalaivala kuphonya giya. Ndinangokhala duu, thukuta lili kamukamu. Mayi a kunyumba anali pawindo, chikwama chachikulu pamiyendo, akuwerenga zikwangwani za m'njira chapansipansi, ngati munthu amene tauniyi akuiona koyamba. Tinakwera minibasi ziwiri, yachiwiriyo n'kutitsitsa pamphambano, kotsalako wapansi.

Mabenchi analipodi. Atatu, a simenti, pansi pa kadenga ka malata koguluka theka. Kutsogolo kunali mpanda wa waya, kuseri kwake msewu wautali wakuda wopanda kanthu. Ndinagula zoziziritsa kukhosi ziwiri pakashopu. Zinali zofunda.

Mlonda wa pageti anabwera kudzacheza, monga amachitira alonda.

"Mwabwera kudzalandira alendo?"

"Tabwera kudzaona ndege."

"Oo. Yam'mawa yapita kale. Ina ndi ya thuu koloko, ikafuna."

Tinakhala. Mayi a kunyumba anavula nsapato n'kutambasula miyendo, ndipo ndinaona mmene mapazi awo atupira ndi masitepe aja. Ine amene ndimadziwa mapazi a msewu wonse, amenewa ndinali nditatenga nthawi osawayang'ana. Anati kamphepo ka kuno n'kabwino. Ndinati eya. Anati kuntchito aika makina oumitsira m'manja amene amalira ngati ng'ombe. Ndinati dziko lapita. Anati anyezi watha kunyumba, tikumbukire pobwerera. Nkhani zomwe zija zimene zimanditopetsa pakhonde, koma apa pakamwa panga panalibe msomali, ndipo palibe amene ankathamangira kwina.

Cha m'ma wani koloko mphepo inatembenuka. Kumadzulo kunada bii ngati kunsi kwa poto. Mapepala anayamba kuuluka, mwini kashopu anatseka zenera, mlonda anathawira m'kanyumba kake. Dontho loyamba linamenya lata ngati mwala.

Ndinayamba kusoka bodza. Ndinati ndinena kuti imeneyi yachokera kudziko lina, bondo langa silidziwa zakunja. Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anatsegula chikwama chija. Anatulutsa ambulera yopinda, juzi yanga, ndi kabotolo ka mankhwala opaka otentha aja.

"Pindani thalauza."

"Chiyani?"

"Lakumanzere. Mwakhala mukulikoka kuyambira pakhomo."

Ndinapinda. Anayamba kupaka, mvula ikukhuthuka mbali zonse, madzi akudonthera pa diresi la buluu pamene ambulera sinafike.

"Ndiye munadziwa?"

"Bambo a ana, ndine ndinakudzutsani pamsewu paja. Munavulala lakumanzere. Zaka zinayi zonsezi, Loweruka langa likafika, mumasisita lakumanja."

Ndinayang'ana mawondo anga awiri ngati ndi a munthu wina. Dzanja lamanja ili, lozolowera kugwira nyundo, limangotera pamene pali pafupi.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkadikira ndione ngati mudzatopa nokha. Ndinatopa ndine."

Kunagunda bingu, ine n'kukumbukira matilesi.

"Aneba aja ndawapweteka."

"Ndawauza asayanike. Mumayesa ndinabwereradi kukatenga mpango?"

"Nanga Apenti?"

"Amenewo ayi. Chaka chatha anandidonthezera penti pasiketi yatsopano, n'kunena kuti andiikira maluwa."

Ndinaseka mpaka bondo linandikumbutsa. Kenako ndinaganiza za Lolemba: khoma lachikasu litalira misozi yofiira, Apenti ataima pakhonde panga manja ali m'chiuno, Atelala akukweza wailesi kuti msewu wonse umve zanyengo. Ulemu wa zaka makumi atatu wapita ndi madzi tsiku limodzi. Ndinadabwa kuti sizikundiwawa kwenikweni. Mwina tsopano ndizisoka nsapato mwamtendere.

Thuu koloko inakwana, fili koloko inadutsa. Mlonda anafuula ali m'kanyumba kake kuti ya lero yakatera kwina. Patapita kanthawi tinamva chinthu chikulira pamwamba pa mitambo, kutali, n'kuzimirira.

"Imeneyo tiiwerengere?" ndinafunsa.

"Ndinati kuona. Kumva ndimamva ndi kunyumba komwe."

Mvula itachepa tinanyamuka, ambulera imodzi anthu awiri, ine ndikutsimphina poyera popanda manyazi, dzanja lili paphewa pawo. Matope anadzaza nsapato zathu, ndipo wodzazikonza ndinkamudziwa.

"Nanga sutikesi?" ndinafunsa titafika pamphambano.

Minibasi itaonekera patali, nyali zili zoyaka, anati:

"Basi ya mawa ipite yokha. Koma sutikesiyo pamwamba sibwerera. Mukaikankhire kuseri kwa chitseko. Ndege sindinaione."

"Mwezi wamawa?"

"Mwezi wamawa, kaya lakumanja kaya lakumanzere. Ndipo titsikire pamsika, anyezi uja."