Kadontho pa Denga la ku Brestina

Pa 14 Febuluwale 2023, ndege ya asilikali inanyamuka ku Plovdiv m'mamawa itanyamula kumimba kwake kamera yoona kutentha, imene Tsvetan Rusev ndi anzake anaipanga kwa zaka zitatu. Kamera yotere amaiyesa pamwamba pa malo ozizira opanda munthu, kuti pachithunzi pakaoneka choyera adziwe kuti yalakwa ndi kamerayo. Malowo anasankha ndi Tsvetan: Brestina, mudzi wa kumapiri kumene anabadwira. Nyumba makumi anayi, zonse zotseka. Womaliza kukhalamo anali mayi ake, amene anamwalira mu 2017.

Zithunzi zitafika, panali kadontho kamodzi koyera.

"Zaka zitatu, a Rusev, n'kutipangira kamera yang'ala?" anatero Velislava, woyang'anira zoyesa, uku akutafuna banitsa, mkate wamafuta wa tchizi. "Akuluakulu a asilikali akubwera Lachisanu. Mukalankhule nokha."

"Pukutani kaye m'manjamo, mayi. Mwina ndi mafuta anu pagalasi."

Koma dengalo Tsvetan anali atalizindikira kale: lachitatu kuchokera pa tchalitchi, la nyumba ya makolo ake. Kadonthoko kanali pa chumuni. Makiyi a nyumbayo analipo awiri. Wina anali m'thumba mwake. Winayo anapita naye ku Sipeni mng'ono wake Lyuben, maliro a mayi awo atangotha, awiriwo atakangana pa zogulitsa nyumbayo. Chipitireni sanaimbe foni. Nambala yake inasiya kugwira mu 2019.

Tsvetan sanauze munthu. Anangopempha kuti ndege ipitenso, ulendo uno idzere kumpoto. Ngati vuto ndi la kamera, kadontho kagwera pena. Ngati ndi moto weniweni, kakhalabe padengapo.

Lachitatu kunagwa chipale, ndege sinauluke. Tsvetan anaswera pa chithunzi chija, akuchikulitsa mpaka denga linasanduka timabokosi totuwa.

Lachinayi, pa 16, kadontho kanali pa chumuni yomweyo. Pabwalo panalinso kena kozimiririka, kamene m'zithunzi zinayi zotsatizana kanachoka pa mulu wa nkhuni kulowera kunyumba.

"Kamera yanu ili bwino, mwapulumuka," anatero Velislava. "Koma mudzi wanu wopanda anthu uja uli ndi munthu. Mlenje kapena?"

Tsvetan anabwereza zithunzi zinayizo. Munthuyo sanayese n'komwe khomo lakutsogolo, ngakhale linali pafupi. Anazungulira nyumba yonse kukalowera kuseri. Chitseko chakutsogolocho chimakana kutseguka nyengo yachisanu kuyambira iye ndi Lyuben ali ana, ndipo bambo awo anamwalira akulonjezabe kuti achipala.

"Si mlenje," anatero.

Analemba lipoti la mizere isanu: kamera yapambana mayeso; Brestina asaigwiritsenso ntchito, pakuti mukukhala munthu. Anasaina, navala jekete.

"Nanga akuluakulu mawa?"

"Mukalankhule nokha, mayi."

Panjira anaima pa bekale nagula buledi muwiri. Kuchokera pamenepo kukafika ku Brestina ndi makilomita 87, ndipo asanu ndi anayi omaliza, m'chipale chotere, ndi oyenda pansi.