Mpunga Utachita Chikasu ku Kasinje

Janeti anali akutsegula madzi m'ngalande pamene a Goliati, mlimi wa kumunsi kwake, anatulukira ndi phata la mpunga m'manja. Masamba onse anali achikasu.

"Mwauona, achemwali? Alendo anu aja atisiyira mphatso."

Chaka chimenecho Janeti anali atalola akatswiri a bungwe la boma la kafukufuku kuyesa mbewu yatsopano pandime yake. Tsopano minda isanu ya kumunsi inkafota, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mankhwala a akatswiriwo alowa m'madzi.

"Walira mvula walira matope," anatero a Goliati. "Koma matopewo tikuponda ndife."

Janeti anafunafuna pepala lomwe anasaina. M'munsi mwake munali nambala ya komiti yolandira madandaulo. Anaimba foni, osayembekeza kuti wina angayankhe.

Patatha sabata kunabwera Mayi Maliro a ku komitiyo, limodzi ndi Silvester, mmodzi wa akatswiri a mbewu aja. Alimi anadzaza shedi ya sikimu yawo ya ulimi wothirira.

"Dzina lanu lokha latiuza kale zonse, mayi," anatero a Goliati. Anthu anaseka, mayiwo nawonso anaseka.

"Ine sindili pansi pa akatswiriwa," anatero Mayi Maliro. "Iwo amafufuza mbewu, ife timafufuza iwowo. Lipoti langa limapita ku bodi yoyang'anira bungwe lawo, ndipo bodi imakayankha ku Nyumba ya Malamulo. Afunseni chilichonse."

Silvester anayankha mafunso mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Kenako alimi anasankha okha minda yotengamo madzi, dothi ndi masamba, ndipo zonsezo zinapita kukapimidwa kwina.

Masabata atatu otsatira Janeti sankadya bwino. Mayi Maliro atabweranso anawerenga zotsatira pamaso pa onse. Madzi anali abwinobwino. Chikasucho anali matenda ofalitsidwa ndi tizilombo, ndipo analiponso m'minda ya kumtunda, komwe madzi a Janeti safikako. Koma akatswiri anali atawaona matendawo mu Januwale osachenjeza alimi. Zimenezo zinalowa m'lipoti, ndipo analamulidwa kuti azibwera mwezi uliwonse kudzafotokoza zomwe apeza.

Janeti anatuluka n'kukhala pamwala. A Goliati anaima pambali pake akukanda m'mutu.

"Pakamwa pangapa panathamanga, achemwali."

"Panathamangadi," anayankha Janeti.

Kenako ananyamuka, anavula nsapato n'kulowa m'munda wa a Goliati kukawathandiza kuzula mapata odwalawo.