Mapatapata a Ana a ku Hawaii

Jacinta anamanga chitenje pamwamba pa diresi, namanganso duku kumutu.

"Mukupita kuti?" anafunsa mwamuna wake, Bester, ali chigonere pasofa.

"Pompa. Pa 3C pagwa zovuta."

"Wakuuzani ndani?"

"Maso angawa. Tatulukani muone nsapato zili pakhomopo. Ndawerenga mapeyala 17. M'katimo akuimba motsitsa. Mukuti n'chiyani chimenecho?"

"Mukanangokhala pansi, mayi a Rejoice. Kuno si ku Ndirande."

"Maliro ndi maliro, kaya ku Ndirande kaya kuno ku Greenbelt."

Bester anatembenukira kukhoma.

Kwa chaka chathunthu Jacinta ankagwira ntchito Lamulungu lililonse kunyumba yosamalira okalamba. Shifiti inali itangosintha. Ili linali Lamulungu lake loyamba kukhala pakhomo masana. Anatenga paketi ya shuga ndi buledi. Anadutsa kolido. Khomo la 3C linayang'anizana ndi lawo la 3B. Sanagogode. Pamaliro sagogoda. Anavula nsapato, anakankha chitseko, analowa chowerama. Anakakhala pansi pakona, miyendo tambalale, mutu zyoli.

M'nyumbamo munali anyamata ndi atsikana okhaokha, onse pansi. Mmodzi ananyamula kagitala kakang'ono ka zingwe zinayi. Nyimbo inaduka.

"Pepani," anatero Jacinta m'Chingerezi. "Pepani kwambiri, ana anga. Ndine mnansi wanu. Watisiya ndani?"

Onse anayang'anana.

Mtsikana watsitsi lofika m'chiuno anakwawa n'kudzagwada pafupi naye. Anali Pualani, mwini nyumba, wophunzira unamwino chaka chomaliza.

"Anti, palibe wamwalira."

"Nanga nyimboyi?"

"Ndi ya mvula ya kwathu."

"Nanga nsapatozo?"

"Kwathu ku Hawaii nsapato sizilowa m'nyumba. Ngakhale kwa mdani wako umavula."

Jacinta anayang'ana shuga wake. Anayang'ana buledi. Woyamba kuphulika ndi phwete anali mwini kagitala uja, chimnyamata chamapewa ngati chitseko, dzina lake Ikaika.

"Anti, shugayo mubwerera naye? Poti tonse tili moyo."

"Iwe, pitiriza uone. Maliro ake apezeka pompano."

Nyumba yonse inagwa ndi kuseka. Jacinta naye anaseka mpaka duku kumasuka. Asanadzuke, mbale inali kale pamiyendo pake. Mpunga wowumba, nyama ya m'chitini pamwamba, zonse zomangidwa ndi katsamba kakuda ka m'nyanja. Anakanunkhiza. Anadya. Anatenganso kachiwiri.

Anamufotokozera molandizana mawu. Onse anali ophunzira. Ambiri pa yunivesite ya ku College Park, atatu pa ya ku Bowie. Kwawo ndi pazilumba, pakati pa nyanja, ulendo wa ndege wa tsiku lathunthu. Amapitako kamodzi pachaka, ena osapitako n'komwe. Kusukulu aliyense amasowa m'chigulu. Lamulungu lokha ndi pomwe amapezana, pa Pualani.

"Uyu anamanga kale sutikesi kawiri kuti azibwerera kwathu," anatero Ikaika, kuloza kamtsikana kochepa thupi kovala majuzi awiri. "Tauza Anti, Noelani."

"Katatu," anatero Noelani. Anali wa chaka choyamba. "Mnzanga wa m'chipinda amagona pabedi ndi nsapato. Ndikamupatsa chakudya amafunsa kuti ndikufuna chiyani kwa iye. Tsiku lina ndinaitana mphunzitsi wachikulire kuti anti. Kalasi yonse inandiseka. Sabata yonse ndimangowerenga masiku kuti Lamulungu lifike."

"Ndiye lero n'lomaliza," anatero Pualani.

Anatenga kalata pamwamba pa fuliji. Jacinta anaiwerenga chapatali, poti magalasi anasiya kunyumba. Chenjezo lachiwiri. Phokoso, ndi katundu wotsekereza kolido. Chenjezo lachitatu likabwera, atuluke m'nyumbamo pakutha pa masiku makumi atatu. Pansi panasaina Lorraine, mkulu wa ofesi yoyang'anira nyumbazo.

"Tinayesa kulowetsa mapatapata m'thumba," anatero Pualani. "Mapazi amangovula okha pakhomo. Tinayesa kuimba chonong'ona. Kalata inabwerabe. Mayeso anga omaliza ndi Meyi. Sindingasake nyumba pano."

"Wadandaula ndani?"

"Sanena dzina. Angoti mnansi wogwira ntchito usiku."

Jacinta anaika mbale pansi. Pansanja yonseyo, wogwira ntchito usiku anali mmodzi.

Anamupeza akuthira madzi m'ketulo.

"A Bester."

"Bwanji maliro? Ayika liti?"

"Ndinu?"

Bester anayatsa ketulo. "Ndine. Ndiye?"

"Opanda manyazi!"

"Manyazi a chiyani? Maola khumi ndi awiri ndikunyamula nkhalamba zolemera ngati matumba a simenti. Ndifike pano ndigone, wina ali ting'ining'i, ting'ining'i. Mwezi watha ndinapunthwa pa patapata. Bondo ili mpaka lero likundilankhula."

"Munagogoda n'kuwauza?"

"Kuno sagogoda. Amalemba imelo."

"Ehe. Mwaphunzira bwino. Setifiketi yake akupatsani?"

"Musandinyoze m'nyumba mwanga."

"Mwana wanu ali ku Ohio yekhayekha. Lamulungu amadya kuti? Mumadziwa?"

"Musalowetsepo Rejoice."

"Wamulowetsapo ndi inu. Kumenekonso kuli a Bester ake, ali pa kompyuta, kulemba imelo."

"Mayi a Rejoice, lamulo ndi lamulo. Sindinalipange ndine."

"Kafufuteni dandaulolo."

"Sindifufuta."

"Chabwino."

"Chabwino chanucho sindichikonda."

"Musachikonde."

Lolemba, asanakwere basi ya kuntchito, Jacinta anadzera ku ofesi. Lorraine anali mayi wamtali, wa magalasi olendewera pa tcheni. Sanali woipa mtima. Anali wotopa basi.

"Dandaulo amafufuta ndi mwini wake, mayi Kaliwo. Osati mkazi wake, osati m'busa wake. Ine sindiyenda m'makolido kusaka nsapato za anthu. Koma pakakhala dandaulo lotseguka, ndiyenera kubwera. Lamulungu, 3 koloko, ndidzafika ndekha ndi kujambula."

"Mukapeza nsapato?"

"Chenjezo."

"Kwa ndani?"

"Kwa mwini khomo lomwe pali nsapatozo."

"Mwini khomo."

"Ndatero."

"Zikomo," anatero Jacinta. Basi anaipeza ikutseka chitseko. Anaimenya m'nthiti mpaka inatsegula.

Sanaiwale chimene akanataya. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala pa 3B opanda chenjezo ngakhale limodzi. Bester ankanyadira zimenezo ngati mendulo. Anali atapeza nyumba ya lendi ku Bowie, yoima payokha, yokhala ndi kabwalo kumbuyo. Anali atayeza kale ndi mapazi pomwe adzadzale chigwada ndi mpiru. Mwini nyumbayo ankadikira chinthu chimodzi chokha: kalata ya ku ofesi ya Lorraine, yonena kuti banjali silinalakwepo kanthu. Ofuna nyumbayo anali anayi.

Lachitatu madzulo Jacinta anagogoda pa 3C.

"Lamulungu nonse kwanga. Nthawi yanu yomweyo. Ndi kagitala komwe."

"Anti, ayi," anatero Pualani. "Sindingakulowetseni m'mavuto."

"Ndakufunsa maganizo? Ndakuitana. Kwanu wamkulu akakuitana umakana?"

Pualani analuma mlomo. "Sitikana."

"Ndi kwathu komwe. Ubwere ndi timpunga tomanga tija."

Lamulungu linafika ndi kamphepo kozizira. Jacinta anabwerako ku tchalitchi n'kuyamba kukazinga mandasi. Bester anali m'chipinda, chitseko chotseka, mkonono ukumveka mpaka kukhitchini. Cha m'ma 1 koloko ana aja anayamba kufika, awiriawiri, atatuatatu, miphika m'manja. Aliyense akafika pakhomo, mapazi ankavula okha. Ena anali atavala masokosi aubweya m'mapatapata. Jacinta anatuluka n'kuwandandalika bwinobwino, mizere iwiri, kutsogolo kwa khomo lake. Kumapeto anaikako nsapato zake za ku tchalitchi.

"Anti, tiimbe?" anafunsa Ikaika.

"Nanga wanyamulira chiyani? Imba."

Anayamba. Noelani anadzuka, anavula juzi limodzi. Anayamba kuvina ndi manja okha, pang'onopang'ono, chiuno chikutsatira. Sankaonekanso wamng'ono.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Bester anatuluka ndi vesiti ndi kabudula, nkhope yodinda pilo. Anaima. Pabalaza pake panalibe popondapo.

"Ankolo!" anakuwa onse pamodzi.

Ikaika anadzuka pa mpando waukulu. "Khalani apa, Ankolo. Ndimangokutenthetserani."

Bester sanakhale. Analowera kukhitchini. Jacinta anamutsata.

"Izi ndi ziti?" anafunsa m'Chichewa, mawu akutulukira m'mano.

"Alendo."

"A ndani?"

"Anga. Nyumba ino ili ndi mayina awiri."

"Nsapato zawo zili kuti?"

"Pamalo pake."

Bester anasuzumira pa kabowo ka chitseko. Anabwerera maso ali psuu.

"Mukudziwa zomwe mwachita? Za ku Bowie mukuziponya m'madzi chifukwa cha ana a eni?"

"Ndikudziwa."

"Lowetsani nsapatozo. Pompano."

"Manja muli nawo. Kazitoleni nokha, akukuonani."

Bester anayang'ana pabalaza. Maso makumi atatu ndi anayi anali pa iye. Chichewa sankachimva, koma nkhope ankaziwerenga. Sanapite kukatola.

Go, go, go.

Inali 3 koloko ndendende. Bester anatsegula yekha. Lorraine anaima kuseri kwa mizere ya mapatapata, foni m'manja. Anayang'ana khomo la 3C. Mbee. Anayang'ana nambala ya pakhomo lomwe anaimapo. Anavala magalasi ake, nayang'ananso.

"Bambo Kaliwo. Si inu munadandaula?"

  Ikaika anaika kagitala pansi.

"Ndine," anatero Bester.

"Ndiye ndithandizeni. Nkhopezi ndikuzidziwa. Ngati ndi msonkhano wa 3C womwe angousamutsira kuno inu osadziwa, nenani. Ndilemba 3C, chenjezo lachitatu, nkhani yatha. Ngati ndi alendo anu, ndilemba inu. Kalata yanu ija muyenera kudziwa kuti ndilembamo zoona."

Pualani anadzuka. "Mayi, ndi ife. Ankolo sanadziwe kanthu. Lembani..."

"Khala pansi, iwe," anatero Jacinta. "Afunsa bambo."

Bester anakanda bondo lake. Anayang'ana mkazi wake. Jacinta sanaphethire. Bester anayang'ana Noelani. Mtsikanayo anali atayamba kale kuvala juzi lake lachiwiri, chipewa m'manja, maso pakhomo, wokonzeka kutuluka.

"Iwe wamajuzi," anatero Bester. "Ukupita kuti?"

"Kusukulu, Ankolo."

"Wadya?"

"Ayi."

"M'nyumba mwanga munthu sachoka asanadye. Khala pansi." Anatembenukira kwa Lorraine. "Ndi alendo anga."

"Onsewa?"

"Onsewa. Ndi chigonthi chagitalacho chomwe."

"Mukumvetsa kuti chenjezo ndi lanu?"

"Chingerezi ndimamva. Jambulani."

Lorraine anajambula. Kawiri. Anapukusa mutu.

"Zaka makumi awiri pantchito ino," anatero. "Munthu kudzidandaulira yekha sindinaonepo."

"Ofesi mumatsegula nthawi yanji mawa?"

"9 koloko."

"Mudzandipeza pakhomo. Ndili ndi chofufuta."

Anatseka chitseko. Palibe anawomba m'manja. Palibe anayerekeza. Pualani anayandikira, misozi ili m'maso.

"Ankolo, sindikudziwa kuti ndinene..."

"Usanene. Sabata yamawa kwako, osati kuno. Kuimba kuziyamba 3 koloko, ine nditadzuka. Ndipo mapatapatawo mbali imodzi ya khoma. Anthu tili ndi mabondo."

"Inde, Ankolo."

Ikaika anamupatsa mbale ndi manja awiri. Bester anatola kampunga komanga kamodzi, nakayang'ana mbali zonse.

"Chakudachi n'chiyani?"

"Ndere za m'nyanja, Ankolo."

"Kwanu kulibe ndiwo?"

"Idyani kaye, mutukwane bwino."

Bester analandira mbale yonse. Podutsa pa mkazi wake anaima.

"Mwandichita chipongwe pamaso pa anthu," anatero m'Chichewa. "Ndipo nyumba ija mwaipha ndinu."

"Ndamva."

"Basi? Mwamva basi?"

"Mandasi ali m'beseni. Akadali otentha."

Bester analowa kuchipinda ndi mbale yake, namenyetsa chitseko.

M'mawa mwake, kuchokera ku shifiti, yunifolomu ili m'thupi, Bester anakaima pakhomo la ofesi mpaka Lorraine anafika ndi makiyi. Anafufuta dandaulo lake. Chenjezo la 3B silinafufutidwe. Nyumba ya ku Bowie inapita kwa ena.

Bester sanamulankhule Jacinta mpaka Lachinayi. Jacinta sanapepese.