Masamba Amene Anayatsira Mbaula

1.
Nanga zinatha bwanji?

2.
A Mtambalika, telala wa ku Ndirande, sankakupatsa buluku lako usanamve zoti ukawerenge. Buku la mkazi wodikira mwamuna wake wa ku migodi. Kabuku ka zithunzi ka wapolisi woopa agalu. Sewero la pa TV la apongozi awiri olimbirana firiji. Limeneli ndiye musaliphonye, ankatero, singano ili kukamwa.

3.
Kenako sitiroko inawagwetsa. Mawu anathawa. Tsopano amangoloza.

4.
Analoza buku la ku migodi lija. Nankhoma, mkazi wawo, anawawerengera masana aliwonse mpaka pamene mkazi wa m'bukumo waima pa siteshoni, sitima ikulira. Anatembenuza tsamba. Chikuto.
Pepani alamu, anatero mlongo wa a Mtambalika. Magetsi atazima ndinayatsira mbaula masamba omaliza a bukulo. Ndimayesa ndi lotha ntchito.
Nankhoma anati awafotokozere mathero pamtima, poti ankawadziwa: mwamunayo amatsika sitima. A Mtambalika anagogoda chikuto. Ankafuna mawu enieni. Phala anakana, mawa lake anakananso.

5.
Ndiye uyo Nankhoma ku Limbe kwa ogulitsa mabuku pansi, wina akuti mayi limenelo ndi lachikale tengani ili la chikondi, wina akuti bambowo muziwaonetsa sewero la mfiti yoyendetsa minibasi achira, wina akulumbira kuti analiwerenga ali Fomu 2 koma ukamufunsa nanga zinatha bwanji akungokanda m'mutu, mtundu wa anthu wodziwa kuyamikira mabuku amene sunamalize, mpaka mayi wina wa kwaya, amene a Mtambalika ankamusokera yunifolomu, analitulutsa pansi pa sutikesi lili lathunthu

6.
Nankhoma sanapirire. Analitsegula m'minibasi momwemo.
Sitima inaima. Mwamuna sanatsike. Anthu anatsitsa chikwama chake chokha.
Anawerenganso. Mtima unamuwawa, kenako anadabwa, mpaka kupitirira siteji yake. Nanga mathero enawo iye anawatenga kuti?

7.
Kale. Chipatala. Mimba yoyamba itapita padera, Nankhoma wayang'ana kukhoma, sakudya. Telala wowonda wakhala m'mphepete mwa bedi akumuwerengera buku lomweli, chala chikuyenda pansi pa mizere. Pofika pa siteshoni chala chija chinaima. Mawu okha ndi amene anapitirira.

8.
Nali buku, bambo. Lathunthu.
Nankhoma anatsegula, nayika chala pa mzere.
Sitima inaima. Mwamuna uja anatsika, atanenepa, wailesi ili paphewa. Mkazi wake anathamanga mpaka duku kugwa.
A Mtambalika sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana chala. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inalimbana, inalimbana.
Bodza.
Ndi lanu lomwe, bambo, anatero Nankhoma, misozi ili chuchuchu. Yasamulani, phala likuzizira.