Chingamu pa Pisitoni

Lole ya apongozi anga ndi yakale kuposa ukwati wawo. Anaiyendetsa zaka makumi atatu ndi zisanu, kenako sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi mawu ambiri, loleyo n'kungokhala kuseri kwa nyumba matayala ataphwa. Ine, mkamwini wa pakamwa pothamanga, ndinalonjeza pamaso pa banja lonse kuti ndiidzutsa. Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma ndinawonjezera kuti idzathamanga kuposa mmene inkathamangira ili yatsopano.

Ndinatha masabata atatu maso ali pa foni, kusankha zipangizo. Ndinagula mapisitoni otukuka pamwamba, oti injini izikhala ndi mphamvu zambiri. Ndinagulanso kamu yatsopano, chitsulo chachitali chimene chimakankha mavalavu, yoti iziwatsitsa mozama kuti injini izipuma bwino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma masiku amenewo ine ndinkayenda ngati injiniya.

A makaniko amene anaphwasula injiniyo ndi munthu wosalankhulalankhula, ntchito yawo yachiwiri ndi kutafuna chingamu. Atatsegula makatoni anga ku galaja anatenga pisitoni imodzi, n'kuitembenuza kangapo.

"Achimwene, pisitoni iyi ikukwera kwambiri, valavu nayo izitsika kwambiri. Mukuganiza kuti zikakumana zizipatsana moni?"

"Wogulitsa anati zimagwirizana," ndinayankha.

"Wogulitsa sanaione hedi iyi." Anagogoda chivundikiro cholemera cha pamwamba pa injini, mmene mumakhala mavalavu. "Inapalidwapo kale, yachepa. Ina ngati iyi ndaisaka paliponse, kulibe. Valavu ikangomenya pisitoni injini ikulira, hedi ing'ambika, ndipo lole ya apongozi anu isanduka khola la nkhuku."

Ndinaseka kuti ndioneke wolimba mtima. Ndinawauza kuti aike zipangizozo basi. Iwo anati aika, koma sakhudza kiyi asanayese, ndipo kuyesako kuchitika Loweruka ine ndilipo.

Sabata imeneyo chakudya chinandikanika. Akazi anga sindinawauze kanthu. Ndikanayamba bwanji? Kuti chinthu chokhacho chimene bambo awo amapempha kuti awakankhire pa windo ali pa mpando wawo wa matayala kuti achione, ine ndatsala pang'ono kuchipha chifukwa cha matama?

Loweruka m'mawa ndikumanga nsapato, akazi anga analowa kuchipinda akuseka.

"Bambo akuti apita nawo ku galaja. Avala kale jekete. Atenganso chitsulo chija amatsekerezera chitseko cha kukhitchini kwawo, achiika m'thumba, akukana kuchisiya."

"Kumeneko kuli fumbi, sikoyenera odwala," ndinayesa kuzemba.

"Kawauzeni nokha."

Ndani angauze apongozi ake zimenezo? Tinawakweza m'galimoto pamodzi ndi mpando wawo wa matayala. Njira yonse thumba linali pamiyendo pawo.

Ku galaja injini inali pa benchi, mapisitoni anga ali m'kati, akunyezimira. A makaniko analonjera apongozi ndi manja awiri. Kenako analavula chingamu chawo, n'kuchimata pamwamba pa pisitoni yoyamba, n'kuchipaka timafuta kuti chisakakamire.

"Tivundikira hedi, timanga mabawuti, kenako tizungulitsa injini ndi manja pang'onopang'ono," anatero. "Valavu ikatsika idinda chingamuchi. Chikatsala chokhuthala, mpata ulipo. Chikadukiratu, ndiye kuti chitsulo chakhudza chitsulo."

Bawuti iliyonse imene ankamanga inkangokhala ngati akuimanga pachifuwa panga. Atamaliza anakoleka sipana yaitali kutsogolo kwa injini. Asanakoke, apongozi anagogoda mpando wawo ndi chibakera, n'kuloza sipanayo. Akazi anga anawakankhira pafupi. Apongozi anaigwira ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene likugwirabe ntchito, n'kutsinzina.

Sipana inayamba kutsika. M'galaja monse munali zii, kupatula kampweya kakupuma m'kati mwa injini. Ndinkapemphera mumtima ngati munthu amene sanaphonyepo tchalitchi. Inatsikabe, inatsikabe, kenako dzanja lija linaima. Apongozi anabweza sipana pang'ono, n'kuikokanso mofatsa. Inaimanso pamalo omwewo. Anatsegula maso n'kundiyang'ana.

A makaniko anamasula mabawuti. Atanyamula hedi, tonse tinasuzumira. Chingamu chinali chitadukiratu, ndipo pakati pake pankaoneka kamzere kowala pamene valavu inakanda pisitoni.

"Ndi manja, yangokanda," anatero a makaniko. "Ndi kiyi, bwenzi tikutola zidutswa."

Akazi anga anandiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti tikakambirana kunyumba. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinagwada pambali pa mpando wa apongozi, pa simenti ya mafuta, buluku langa labwino ndisakulilabadira.

"Bambo, ndalakwa. A makaniko anandichenjeza, ine ndinauma mutu. Ndinkafuna kuti muone kuti mwana wanu anakwatiwa ndi munthu wodziwa zinthu. Ndikanakuphwanyirani lole."

Apongozi anayang'ana pamiyendo pawo. Anavutika ndi zipi ya thumba lawo mpaka inatseguka, n'kutulutsa chitsulo cha pachitseko chija. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuchikankha ndi phazi ndikamalowa m'khitchini mwawo, osachiyang'anitsitsa. Anachiika m'manja mwanga. Inali pisitoni yakale, yakuda, yotukuka pamwamba ngati zanga, ndipo inali ndi zipsera ziwiri zakuya pamene mavalavu anaimenya.

Anadziguguda pachifuwa. Mawu anatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Ine... Hedi yoyamba... ine."

A makaniko anaphulika kuseka. "Ndiye chifukwa chake hedi iyi si ya chaka chimodzi ndi injini! Madala, inunso munali wothamanga magazi?"

Apongozi anagwedeza mutu, mbali imodzi ya nkhope ikumwetulira. Ine misozi inalengeza, sindibisa.

"Nanga tiike ziti?" anafunsa a makaniko.

"Funsani eni ake," ndinatero.

Apongozi analoza kamu yawo yakale imene inali pansi pa benchi, n'kulozanso katoni ya mapisitoni wamba imene a makaniko anali atasunga kale pa shelefu osandiuza. Kenako analoza pisitoni yanga yokandika ija. A makaniko anaitulutsa mu injini, n'kuwapatsa chingamu chikadali pomwepo. Apongozi anaiyeza kulemera kwake m'dzanja, n'kuikankhira pachifuwa panga.

"Chitseko," anatero. "Cha kwanu."