Thumba la Jekete ya Dalaivala

Pa shopu ina ya atelala, mayi wodula nsalu ankadziwika ndi dzina loti Asizasi, chifukwa sizasi yawo sinkachoka m'thumba la epuloni. Kwa zaka zoposa makumi atatu tebulo lawo linali moyang'anizana ndi makina a pazenera, pamene pankakhala mnzawo wosoka makolala, mayi wofatsa amene mwamuna wake anali dalaivala wa basi.

Basi ya bambowo inkadutsa kutsogolo kwa shopu tsiku lililonse teni koloko m'mawa. Ikafika pazenera, hutala kawiri. Mayi wa makolala ankangokweza dzanja osadzutsa mutu, phazi likupondabe makina. Asizasi ndiwo ankakuwa, "Alamu, yendetsani bwino, mwanyamula ana a eni!"

Chaka china bambowo anadwala milungu itatu yokha, n'kutsikira kuli chete.

Wofedwayo atabwerera kuntchito, shopu yonse inagwirizana mosapangana kuti malemu asamatchulidwe. Wailesi anaitsitsa, nthabwala zinauma. Wofuna ulusi ankapempha monong'ona ngati ali m'chipatala. Asizasi nawonso analuma lilime, koma maso awo ankaona: ikakwana teni koloko, makina a pazenera ankaima. Basi inkadutsa ndi dalaivala wina, osaliza kanthu, ndipo mnzawo ankangoyang'anitsitsa singano mpaka phokoso la injini litazilala.

"Achemwali, bwanji tikokere makina anu kuno kukhoma?" Asizasi anafunsa tsiku lina.

"Ayi, ndisiyeni pompano."

Patapita sabata, Asizasi anaika choko pansi, n'kukokera mpando pafupi ndi mnzawo.

"Ine kukhala chete kwandikwana. Kodi mukulikumbuka thumba lija?"

Bambo wosita zovala anaima, ayironi ili m'malere.

"Thumba liti?" anafunsa wofedwayo.

"La jekete ya yunifolomu! Kamnyamata kowonda, khosi ngati la botolo, kanalowa muno Lolemba kuti thumba lang'ambika. Munasoka. Lachitatu ndi uyo wabweranso, thumba lomwelo. Lachisanu nditaliyang'ana bwino ndinaona kuti ulusi wachita kudulidwa. Ndinawafunsa kuti, 'Achimwene, m'thumba mwanumu mukuwetamo khoswe?'"

Wofedwayo anagwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo Asizasi anaganiza kuti athira mchere pachilonda. Koma chimene chinatuluka chinali chiseko, chosakanikirana ndi misozi.

"Ankadula ndi lezala ya ndevu," anatero akupukuta m'maso ndi kachidutswa ka nsalu. "Anadzaulula titakwatirana. Koma chilipo chimene sindinawauze mpaka apita. Lachitatu lija ndinasoka mofooka dala, kuti abwerenso."

"Inu achemwali! Ndi kufatsa konseku?"

"Ndikadawauza, bwenzi akundiseka mpaka ku ukalamba."

Pamenepo pakamwa pa anthu panamasuka. Wosita zovala anakumbutsa za tsiku la chimvula, pamene malemu anaimitsa basi pakhomo penipeni kuti akazi awo asanyowe, okwera akudandaula m'mawindo. Wina anatengera mmene ankaimbira nyimbo mosemphanitsa mawu. Ntchito inachedwa tsiku limenelo, koma panalibe anadandaula.

Lolemba lotsatira, mayi wa makolala anafika ndi chikwama, n'kuchiika patebulo la Asizasi. Munali malaya anayi a malemu, ochapa ndi kusita bwinobwino.

"Mdzukulu wanga akufuna kumavala za agogo ake. Muyeso wake ndi uwu. Kusoka ndisoka ndekha, koma kudula manja akukana."

Asizasi anayala malaya a buluu patebulo n'kuwasalaza ndi chikhatho. Kolala inali yotembenuzidwa kale, msoko wake wowongoka, ntchito ya mnzawo yemweyo. Anajambula mizere ndi choko, kenako anadikira.

"Gwirani uku, achemwali, nsalu isatsetsereke."

Mayiyo anagwira, ndipo Asizasi anayamba kudula.