Chitsanzo cha Chaka Chino

Telala anakhala pampando wakutsogolo muholo ya sukulu, mawondo pamodzi, akumwetulira mpaka mano kuuma. Bungwe la amayi omwe anaphunzira pasukulu ya atsikanayi limabwera chaka ndi chaka kudzalangiza ana, ndipo limasankha mmodzi wokhala pampandowo ngati chitsanzo. Anakhalapo maloya, manesi, ngakhale uja woyendetsa ndege. Ulendo uno Dokotala, mkulu wa bungwe, anachita kumuimbira yekha foni: "Iwe, mpando uja ndi wako. Usandikanire."

Akane chiyani? Kuhositelo Dokotala ankagona bedi lapamwamba, iye lapansi, sopo kudulirana, bulangete kubwerekana. Telala anadzisokera diresi yoti ikatseke anthu pakamwa, makasitomala akulalata pakhomo.

Dokotala anagogoda maikolofoni. "Atsikana, muwaonetsetse mayi awa. M'kalasi ankatiposa tonse, ine ndemwe. Masamu ankachita kumwa ngati madzi."

Telala anaweramitsa mutu, kudzichepetsa kwabodza, mtima ukuvina m'kati.

"Koma anasiyira fomu thu. Ankadumpha mpanda wakuseri kwa khitchini kukaonana ndi kondakitala. Mapeto ake mimba. Lero ine ndili ndi chipatala changa, iwo ali pakhonde la sitolo kupalasa makina. Mukufuna kudzakhala ngati iwowa?"

"Ayiii!"

"Sindinamve!"

"Ayiiiii!"

Ana omvera bwanji! Malata anachita kunjenjemera. Chakomachakoma, pusi anagwa chagada. Kumwetulira kuja kunakanirira pankhope ya Telala ngati zipi yadzimbiri. Anafuna aimirire afunse kuti kodi pampanda paja ankawerama ndani kuti iye aponde pamsana, nanga mabisiketi a kondakitala ankawakukuta ndani. Koma timaso tonse tija tinali pa diresi yake, ndipo anangoiwongola pamawondo.

Atatuluka, Dokotala anamukumbatira, perefyumu kuti fuu. "Wagwira ntchito, mnzanga! Wawaona anawo mmene anazizirira? Ndikanakuuziratu ukanathawa, ndimakudziwa iwe. Chaka chamawa udzabwerenso ndi makinawo, awaone ndi maso."

"Zikomo, adokotala," anatero Telala, akuchotsa manjawo paphewa pake limodzilimodzi, ngati akuchotsa mapini.

M'basi yobwerera, Dokotala anamusungira malo pambali pake. Telala anadutsa, nakakhala kumbuyo kwenikweni, pamene pamagwedeza matumbo. Basi ikamatuluka pageti amayiwa amaimba nyimbo ya sukulu, ndipo woyambitsa wake zaka zonsezi ndi Telala, poti enawo mawu ali ngati a abakha. Geti linadutsa. Amayi anatsokomola, kukonza kukhosi, kucheuka.

"Telala, tiye nayo!"

Iye maso pawindo.

Dokotala anaiyamba yekha. Anaitengera pamwamba zedi, amayi awiri anayesa kuikwera, inawatsamwa pa mzere wachiwiri. Kenako m'basi munangotsala kulira kwa injini, mpanda wa sukulu ukucheperachepera kumbuyo.